Thumba la madeya limene ndinapachika kudzala

Inu owerenga, dzina langa sinditchula, koma amene anali pamsika wa pa Boma ku Chiradzulu chaka chija cha njala, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, andizindikira ndisanafike n'komwe pakati pa nkhaniyi. Ndine mayi uja ndinakasiya kudzala chinthu chimene malamulo amaletsa kutayako, ndipo munthu anafa nacho. Nkhaniyi sinabisikepo, inafika kupolisi mpaka kukhoti. Ndikuilemba chifukwa mpaka lero ndimaona anthu akuponya kudzala chilichonse chimene chawatopetsa m'nyumba, poganiza kuti chikangochoka m'manja mwawo ndiye kuti chatha.

Nthawi imeneyo ndinali ndi okala kuseri kwa msika. Ndinkagulitsa mchere, sopo, machesi, matemba ndi tina ndi tina. Amuna anga anali telala, makina awo ankaika pakhonde la sitolo ina kutsidya kwa msewu. Sitinali olemera, koma ana athu sankagona ndi njala, ndipo chaka chimenecho zimenezo zokha zinali ulemerero. Ineyo ndinali mayi wodzimva pa nkhani ya ukhondo. Paokala panga ndinkasesa ngati pakubwera alendo, ndipo mnzanga akataya makoko a nthochi panjira ndinkamuyankhula mpaka atole. Amayi a pamsika anandipatsa dzina loti Anesi, ngati a kuchipatala aja. Ambiri ankanditcha choncho mondiseka, koma ine dzinalo ndinalilandira ndi manja awiri.

Njala itafika povuta, madeya anasanduka chakudya cha anthu. Madeya omwe aja tinkapatsa nkhuku ndi nkhumba, anthu ankachita kuwalimbirana. Ndinayamba kukawapikula kuzigayo za ku Limbe n'kumadzagulitsa pambale. Amayi ankachokera kutali, ku Kadewere, ku Namitambo, ena atanyamula nkhuku kapena mpando woti asinthanitse. Ukawayang'ana m'khosi, mitsempha ili poyera. Ndikunena izi kuti mumvetse kuti thumba la madeya linali chiyani m'miyezi imeneyo.

Dzala la khonsolo linali kumunsi kwa msika, ukadutsa zimbudzi. Linali dzenje lalikulu, ndipo polowera anazikapo chikwangwani cha malamulo. Sanali malamulo ovuta ayi. Zinyalala wamba uponye m'dzenje momwemo, osati m'mphepete. Phulusa uyambe walisiya lizizire. Nyama yakufa, mabotolo osweka ndi mankhwala a mtundu uliwonse zinali zoletsedwa kutayako. Ukakhala ndi zoterozo umayenera kuuza mkulu woyang'anira msika, iye n'kuitana a zaumoyo, iwowo n'kukazikwirira kudzenje lawo lotchinga ndi waya. Malamulo amenewa ine ndinkawadziwa pamtima, ndipo ndinkawawerengera anzanga mokweza.

Koma panalinso mwambo wina umene sunalembedwe pachikwangwanipo. Chapambali pa dzenjelo panali mtengo wakale wa mango wokhala ndi mphanda yofika m'mapewa. Munthu akakhala ndi chinthu chimene kwa iye chatha ntchito koma wina chingamuthandize, sankachiponya m'dzenje. Ankachimanga bwino n'kuchiika pamphandapo, kuti agalu ndi mbuzi zisachiwononge. Nsapato zothina, masamba akunja a kabichi, bulangete lakutha, zonsezo zinkasiyidwa pamenepo. Wosowa ankabwera n'kutenga, osapempha komanso osagwadira munthu. Ndipo tonse tinkadziwa kuti wotenga pamphanda sayang'anidwa kumaso ndipo satchulidwa dzina, ngakhale umuone ndi maso ako awiri. Mwina ndi mnzako wa kumpingo, ndiye umuchititsa manyazi chifukwa chiyani? Ineyo ndinasiyapo zovala za ana anga kangapo konse. Choncho musati sindinkadziwa.

Mwezi wa Febuluwale makoswe anandivuta kwambiri m'okala. Nawonso njala inali itawakwana, moti ankaboola matumba ine ndili pomwepo. Ndinagula tameki kwa mavenda, mankhwala aja akuda ngati njere za mpiru, okulunga m'timapepala ta pulasitiki. Wina ndinathira m'matimati n'kutchera m'makona. Timapepala totsala ndinatipanikiza pamwamba pa khoma, pansi pa malata, kuopa ana. Sindinayang'ane kuti pansi pake penipeni panali thumba la madeya lotsegula kukamwa.

M'mawa mwake nditatsegula okala ndinapeza zoopsa. Makoswe anali atatafuna timapepala tija n'kutigwetsera m'thumbamo, kenaka n'kufukula madeyawo usiku wonse mpaka mankhwala kusakanikirana nawo. Khoswe mmodzi anali gada pambali pa thumba. Madeya otsalawo anali ochepera pang'ono theka la thumba. Ndisaname, maganizo oti ndingosefa n'kugulitsa anandifikira. Ndinawakana, ndipo nditawakana ndinadziona ngati mngelo. Kudzimva kumeneko ndi kumene kunanditseka maso pa zonse zotsatira.

Choyenera kuchita ndinkachidziwa: kukauza mkulu wa msika. Koma ndinayamba kudzifunsa kuti a zaumoyo akabwera adzati chiyani. Adzafunsa chifukwa chimene ndinasungira poizoni pamodzi ndi zakudya za anthu. Mwina adzanditsekera okala pa nthawi imene ana anga akudalira pomwepo. Choposa zonse, ndinaona m'maganizo nkhope za amayi aja ndinkawakalipira za makoko a nthochi, akugwirana m'manja kuseka kuti Anesi awapeza ndi tameki m'madeya. Manyazi amenewo ndi amene ndinawaopa kwambiri. Ndinasenza thumba lija n'kutsetsereka nalo kudzala anthu asanachuluke.

Kunali kutagwa mvula, matope ali nyankhanyankha. Cholinga changa chinali choti ndikhuthule madeyawo m'dzenje ndibwerere msanga. Koma nditasuzumira ndinaona mbuzi ndi nkhuku za anthu ozungulira msika zili m'katimo, zikufunafuna makoko. Ndinadziwa kuti ndikangokhuthula, pofika masana zikhala zitafa zonse, eni ake ayamba kufufuza, ndipo mapeto ake afika paokala panga. Ndiye ndinamanga thumbalo kukamwa ndi chingwe cha khonje, bwinobwino monga mwa ukhondo wanga uja, n'kuyang'ana malo oti mbuzi sizingafikepo. Malo ake anali amodzi okha. Ndinalikweza pamphanda, ndikudziuza kuti masana ndibwera ndi amuna anga ndi khasu tidzalikwirire kutchire. Inu owerenga, ndinaganizira mbuzi za eni ake, anthu ndinawaiwala.

Nditabwerera ndinapeza ogula akundidikirira. Wina akufuna mchere, wina matemba, wina akudandaula kuti madeya atha bwanji. Ndinatanganidwa mpaka dzuwa kufika pamutu. Amuna anga atabwera kudzamwa tiyi monga mwa masiku onse, ndinawafotokozera nkhani yonse monong'ona, ndikuyembekeza kuti andiyamikira posagulitsa madeya oipa. Anandimvetsera mpaka ndinafika pa za khasu.

"Mwati thumbalo mwaliika pati?" anandifunsa.

"Pamphanda paja, kuti mbuzi zisalifikire."

Anaika kapu pansi pang'onopang'ono. "Pamphanda? Thumba la madeya, lomanga bwino, chaka chino?"

Ndinasiya okala chitsegulire n'kuthamanga, amuna anga ali pambuyo. Ndili chapatali ndinaona kale kuti pamphanda palibe kanthu, koma ndinafikabe mpaka kugwira mtengowo ndi manja. Ndinatsikira m'dzenje, matope mpaka m'mawondo, kutembenuza zinyalala poganiza kuti mwina thumba lagwera m'menemo. Munalibe.

Panjira yopita kudzalako pankakhala mayi wina wogulitsa makala, dzina lake Abiti Saidi. Aliyense wopita kudzala ankadutsa pamaso pake. Ndinamufunsa ngati waona amene watenga thumba pamphanda. Anandiyang'ana kuyambira kumatope a m'miyendo mpaka kumutu, n'kuyamba kusanja makala ake.

"Ine ndimayang'ana makala angawa, asisi. Za pamphanda sitinena, mukudziwa inunso. Mwapereka, mwapereka basi. Kapena mtima wabwerera?"

Onani kuuma mtima kwanga. Ngakhale pamenepo ndinayesabe kudzitchinjiriza. Ndinanama kuti ndaiwalamo makiyi a kunyumba. Abiti Saidi anangoseka n'kunena kuti wotengayo akawapeza makiyiwo abweretsa yekha. Amuna anga ndi amene anandigwira pamkono, mwamphamvu moti ndinamva kuwawa, n'kunena kuti ndinene zoona chifukwa nthawi ikutha. Ndinawerama n'kumunong'oneza mayi uja kuti m'thumbamo muli tameki.

Anadzuka makala n'kumwazika. Anati wotengayo ndi mayi wachitsikana, woonda, amene amabwera ndi bowa m'lichero, ndipo anadutsa m'mawa ndithu thumba lili pamutu. Nkhope ankaidziwa koma dzina ndi mudzi sankazidziwa. Anati amene angadziwe ndi amayi ogulitsa masamba, koma amenewo sangatchule munthu wa pamphanda pokhapokha atamva chifukwa chake chenicheni. Apa ndipo ndinazindikira kuti chimene ndinachithawa m'mawa chija chandipeza, ndipo tsopano ndichita pamaso pa msika wonse.

Ndinakwera pabenchi la ogulitsa nsomba zouma, matope akuchucha m'miyendo. Ndinati, "Anthuni, ndimvereni. Thumba la madeya limene linali pamphanda m'mawa uja ndinaika ndine. Muli tameki. Amene akudziwa wotenga anene msanga, anthu angafe."

Kenaka phokoso linabuka. Ena ankanditukwana, bambo wina anakuwa kuti ndine mfiti, ndipo amene anagula madeya kwa ine dzulo lake anayamba kundikoka chitenje kufunsa ngati nawonso adyetsa ana awo poizoni. Ndinkayesa kuwayankha kuti adzulo anali abwino, koma ndani akanandikhulupiriranso? Mkulu wa msika anafika akukankha anthu. Sanandikalipire. Anangoti zanga tikamba pambuyo, pano tipeze munthuyo, ndipo iye apita kukadziwitsa achipatala ndi apolisi.

M'chipwirikiti chimenecho mayi wina wogulitsa nkhwani anandiyandikira, maso ali pansi ngati akupalamula mlandu. Anati wotengayo ndi Eneresi, wa mudzi wina wa panjira ya ku Mbombwe. Anati Eneresi anabwera ndi bowa m'mawa, koma anamusiyira mnzake kuti amugulitsire, iye n'kubwerera kwawo mofulumira nkhope ikuwala. Anatiuza kuti tikawoloka kamtsinje tifunse nyumba imene khitchini yake inagwa ndi mvula. Pomaliza anati Mulungu amukhululukire pomutchula mnzake.

Amuna anga anabwereka njinga kwa mnzawo wowotcherera ndowa, ine n'kukhala pakeliyala. Ulendo umenewo sindidzauiwala. Msewu unali woterera, moti malo ena tinkatsika n'kumakankha njinga tikuthamanga. Ine m'mutu ndinkangowerengera zimene mayi amachita akafika pakhomo ndi madeya. Atula, apumako pang'ono, asefa, asonkha moto, atereka madzi. Ndinkayesa kumuchedwetsa m'maganizo mwanga. Mwina wakumana ndi mnzake panjira akucheza. Mwina waganiza zokagayitsa kaye kuchigayo. Ndinapempherera ngakhale nkhuni zake kuti zikhale zonyowa, moto ukane kuyaka. Koma ndinkadziwa kuti mayi amene ana ake agona ndi njala sacheza panjira.

Kamtsinje kaja tinakapeza katadzaza. Amuna anga anasenza njinga paphewa, ine ndikugwira malaya awo, madzi akutifika m'chiuno. Kutsidya tinayamba kufunsa nyumba ya Eneresi. Anthu ankatiyang'ana mokayika, poti alendo awiri onyowa ofunsa munthu mwaphuma sabwera ndi zabwino. Bambo wina anayamba kutifunsa kumene tachokera ndi chimene tikumufunira. Ndinangomuuza kuti m'nyumba imeneyo muli poizoni. Analoza ndi dzanja, n'kuyamba kuthamanga nafe. Patsogolo pathu ndinaona khitchini yakugwa ija, ndipo pakhonde la nyumbayo pankafuka utsi.

Pakhondepo panakhala ana atatu atazungulira mphika wovundikira. Wamkulu anali mtsikana wa msinkhu wa sitandade 3, amene pambuyo pake ndinamva kuti dzina lake ndi Malita. Dzanja lake linali pa chivundikiro, ndipo ang'ono ake awiri ankalira akuyesa kulichotsa dzanjalo. Sindinaodire, sindinapereke moni. Ndinalanda mphika uja, wotentha choncho, n'kukhuthulira phala lonse m'matope, kenaka n'kuyamba kulipondaponda.

Kulira kumene analira ana aja ndimakumvabe. Sikunali kulira kwa mantha ayi, kunali kulira kwa munthu amene wadikira chakudya chili pamaso pake n'kuona mlendo akuchipondereza ndi mapazi. Wamng'ono kwambiri anakwawira pamatopepo kuti atape ndi dzanja, amuna anga n'kumunyamula akupalapata. Nthawi yomweyo ndinamva ndowa ikugwa kumbuyo kwanga. Anali Eneresi akuchokera kumadzi. Anandigwira bulauzi pakhosi, ndipo ngakhale anali woonda choncho, anandigwedeza ngati mwana.

"Ndakulakwirani chiyani ine, mayi? Si za pamphanda zija? Ngati thumba lanu mumalifunabe bwanji osangonena, m'malo motayira ana anga phala?"

Amuna anga ndi amene anamufotokozera kuti madeyawo anagweramo mankhwala a makoswe. Eneresi anandisiya pang'onopang'ono. Anati tinthu takuda tija anationa, koma ankayesa ndi timanyi ta makoswe, ndipo anasefa kawiri konse. Sanadziwe kuti thumbalo linali litanyowa ndi mvula panjira, mankhwala n'kusungunukira m'madeya momwemo. Ndinamufunsa ngati ana alawako. Anati sanalaweko ngakhale pang'ono. Ndinangokhala pansi m'matopemo, ndikuthokoza Mulungu mokweza kuti tafika nthawi yabwino. Mumtima ndinayamba kale kuganiza zowabweretsera ufa wabwino mawa lake.

Ndiye Malita anayankhula, ndi mawu aang'ono. "Koma amayi adya. Anati ifeyo tidikire abwere kaye kumadzi."

Tonse tinatembenukira kwa Eneresi. Iye anapukuta kumaso ndi chitenje n'kuyankha ngati akupepesa. "Za kudzala sindipatsa ana ndisanayambe ndadya ine. Ndimadya, n'kupita kumadzi. Ndikabwerako ndili bwinobwino, ndiye amadya iwowa."

Anali atadya mbale yathunthu. Pamene ankayankhula ndipo ndinaona kuti chimene ankapukuta kumaso sanali madzi a m'ndowa. Linali thukuta, likuchita kuyenderera mpaka m'khosi. Malovu anayamba kumudzaza m'kamwa, akulavula koma osatha. Anati m'mimba mukupota ndipo maso akuchita chidima. Anayesa kuyenda kupita pakhonde koma miyendo inakana, n'kugwada pansi n'kuyamba kusanza.

Anthu a m'mudzimo anali atasonkhana. Wina ankati timumwetse madzi a mchere, wina ankati mkaka, koma mkaka ukanachokera kuti chaka chimenecho? Amuna anga anati tisataye nthawi, chofunika ndi chipatala. Anatulutsa thumba lija m'nyumba n'kulipereka kwa bambo amene anatilozera njira uja, kuti alisunge pamalo potseka komanso afoshole matope a phala aja nkhuku zisanafike. Eneresi tinamukhazika pakeliyala n'kumumangirira kuchishalo ndi zitenje. Amuna anga ankakankha njinga, ine ndikumuchirikiza kumsana, amuna awiri a m'mudzimo akutithandiza. Ana ake anatitsatira akulira mpaka pamtsinje, pamene amayi ena anawabweza.

Titawoloka, mutu wake unali utatsamira paphewa langa. Thupi lonse linkanjenjemera, ndipo kupuma kwake kunkamveka ngati madzi akuwira m'chifuwa. Ndinkayesa kuti sakuzindikiranso kanthu. Koma pena pake anatsegula maso n'kundifunsa ngati thumba lija talichotsa m'nyumba. Ndinati talichotsa, ana sangalifikire. Kenaka anayankhulanso movutikira.

"Ndinu munalisiya pamphanda paja, eti?"

Ndinavomera.

"Ine njira yonse ndimakupemphererani. Ndimati amene wasiya izi, Ambuye amuonjezere."

Sananene monyoza kapena mokwiya. Ankangondiuza zimene zinachitika. Ndikanakonda akananditukwana monga anachitira a kumsika aja, chifukwa matukwano ndikanadziwa powaika. Mawu amenewo anali omaliza kuwamva kuchokera pakamwa pake.

Tisanafike pa Boma tinakumana ndi galimoto imene mkulu wa msika anapempha kuti itichingamire. Kuchipatala anamulandira mwachangu ndipo anayesetsa ndithu, ndinaona ndi maso anga. Koma thupi lake linali litafooka kale ndi njala, ndipo mankhwalawo anapeza m'mimba mopanda kanthu. Eneresi anamwalira m'mawa mwa tsiku lotsatira. Uthengawo unandipeza ndili m'chitokosi cha apolisi, nditavalabe zovala zamatope zija.

A zaumoyo anapita kumudzi kuja tsiku lomwelo. Anatenga thumba ndi matope a phala aja, ndipo apolisi atamaliza nazo anakazikwirira kudzenje lawo lotchinga ndi waya. Amuna anga anaonerera, ndipo anandiuza kuti ntchito yonseyo sinatenge nthawi yoti munthu n'kumaliza kapu ya tiyi. Imeneyo ndi ntchito imene ndinaiopa m'mawa uja.

Kumaliro sindinapite chifukwa ndinali m'manja mwa boma. Ndinamva kuti mwamuna wa Eneresi anali atapita kutali kukasaka ganyu, ndipo anafika atamuika kale mkazi wake. Khoti linandipeza wolakwa chifukwa cha kusasamala kumene kunaphetsa munthu, ndipo ndinakakhala kundende. Sindidandaula nazo. Okala inatsekedwa, makina a amuna anga anagulitsidwa, ndipo ana anga anamva kusukulu mawu amene mwana sayenera kumva onena za mayi ake. Nditatuluka tinapita ndi akuluakulu a kwathu kukapepesa. Ana aja anali atatengedwa ndi amalume awo. Amalumewo anatimvetsera mpaka kumapeto, n'kungonena kuti amva, ndipo zotsala azisiya m'manja mwa Mulungu.

Patapita zaka ndinayambanso kageni kakang'ono pamsika womwewo, poti ndinalibe kwina kopita. Tsiku lina ndinaima pa mtsikana wina wogulitsa matimati. Ndikusankha, ndinaona kuti akundiyang'anitsitsa. Anandipatsa moni mwaulemu, n'kunena kuti ndi Malita, mwana wa malemu Eneresi. Matimati anandipulumuka m'manja. Ndinayamba kupepesa, mawu akupiringizana, koma iye anandidula modekha. Anati anthu amamuuza kuti ndikanachedwa pang'ono iye ndi ang'ono ake sakanakhalapo, ndipo zimenezo amazimvetsa. Koma anati akandiona chimene chimabwera m'maso mwake ndi mapazi anga ali pa phala lawo, ndi amayi ake akugwetsa ndowa. Atatero anatola matimati aja n'kundiikira m'jumbo. Ndinalira pamsika pomwepo, anthu akuona.

Inu owerenga, malamulo a kudzala amaoneka ngati ongovutitsa anthu. Ukakhala ndi chinthu choopsa m'manja umafuna chichoke msanga, mwakachetechete, wina asadziwe. Ndikukupemphani, mankhwala a makoswe, a m'dimba, a m'nkhokwe, mbewu zopaka mankhwala, mapiritsi otsala, nkhuku zofa ndi matenda, musakazitaye nokha. Kauzeni oyang'anira, ngakhale akukalipireni, ngakhale akutsekereni geni kwa kanthawi, ngakhale anzanu akusekeni. Zonsezo zimatha, ine ndaona. Ndipo poizoni musamusunge m'chipinda chimodzi ndi chakudya, ngakhale mutamuika pamwamba bwanji.

Chinanso, musaganize kuti kudzala ndi kumalo kopanda anthu. Ife okhuta timapitako kukasiya, koma pali ena amapitako kukatenga, ndipo sadzakuuzani chifukwa ali ndi ulemu wawo. Musanatembenuke kuchoka pamenepo, dzifunseni kuti pambuyo panu pakubwera ndani. Pambuyo panga ine panabwera mayi wa ana atatu, anasenza imfa yake pamutu, n'kuyenda nayo njira yonse akundipempherera madalitso.